Kodi chipani chaching'ono chifewetse mfundo zake kuti chikope anthu ambiri?

Funso la wowerenga:

"Ndine mmodzi wa mamembala a komiti yaikulu ya chipani china chaching'ono. Tinachiyambitsa titatopa ndi kuona nkhalango, mitsinje ndi nthaka zikusakazidwa, zipani zikuluzikulu zili chete. Pa chisankho chapitachi sitinapeze mpando ndi umodzi womwe, ndipo chichokereni pamenepo komiti yathu yagawikana. Ena akuti mfundo zathu n'zolimba kwambiri, zikuthawitsa anthu, ndiye tizifewetse kuti tikope ovota ambiri. Ena akuti tikangotero ndiye kuti tachigulitsa chipani, ndipo iwo atuluka. Mbali zonse ziwiri kuli anzanga a pamtima. Ndikusowa tulo. Kodi chanzeru n'chiti?" Mayi wina wowerenga

Yankho:

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Mkangano mwafotokozawu sukutanthauza kuti chipani chanu chikufa. Pa zaka zimene ndakhala ndikulangiza atsogoleri a zipani, sindinaonepo chipani chaching'ono chokhala ndi mfundo zenizeni chimene sichinafike pamphambano imeneyi, makamaka chikangogonja. Chipani chodalira thumba la munthu mmodzi chimakangana za maudindo ndi ndalama. Inu mukukangana za mfundo chifukwa muli nazo, ndipo mbali zonse ziwiri zikuchifunira chipanicho zabwino. Muyambe mwakumbutsana zimenezo musanakhale pansi kukambirana.

Maganizo anga ndiwanene poyambirira pomwe. Chinthu chimene chinabadwitsa chipani chanu musachifewetse. Koma pali zambiri zozungulira chinthu chimenecho zomwe mungasinthe, ndipo zina mukuyenera kuzisintha msanga: kalankhulidwe kanu, liwiro limene mukufuna kuti zinthu zisinthire, ndi mulu wa timfundo tapambali timene tinalowa mu manifesito chifukwa wina analankhula mokweza pa msonkhano. Makomiti ambiri amasakaniza zonsezi n'kuzitcha "mfundo zathu", kenako amakangana ngati pali njira ziwiri zokha, kugwiritsa zonse kapena kutaya zonse.

Anzanu ofuna kufewetsa ali ndi poimira. Mu 1957 katswiri wa zachuma wa ku America, Anthony Downs, anafotokoza kuti zipani ziwiri zikamalimbirana boma, zonse zimakokeka kupita pakati, poti ovota ambiri ali pamenepo. Zitsanzo zilipo. Chipani cha SPD ku Germany chinasiya chiphunzitso cha Marx pa msonkhano wake wa ku Bad Godesberg mu 1959, ndipo mu 1969 mtsogoleri wake Willy Brandt anatenga boma. Chipani cha Labour ku Britain chinalembanso mu 1995 ndime ya m'malamulo ake yomwe inkalonjeza kuti mafakitale adzakhala a anthu onse, ndipo mu 1997 chinapambana moonekeratu. Koma taonani kuti izi zinali zipani zikuluzikulu, zokhala ndi otsatira mamiliyoni omwe analibe kwina kothawira. Zinkangosowa kagulu kowonjezera kuti zifike pampando.

Chipani chaching'ono chikasunthira pakati chimapeza malo atakhalidwa kale. Taganizani za mayi kapena bambo amene ali m'chipinda choponyera voti, cholembera chili m'manja. Ngati zonena zanu zafanana ndi za chipani chimene chili ndi mwayi wopanga boma, adzakusankhani inu chifukwa chiyani? Adzasankha chachikulucho, chifukwa ndicho chingakwaniritse zimene nonse mukulonjeza. Ndipo uja ankakuvoterani chifukwa munkanena zimene ena ankaopa kunena adzaona kuti mwafooka, n'kukhala kunyumba tsiku lachisankho. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Kafukufuku amene James Adams ndi anzake anatulutsa mu 2006, atayang'ana zisankho za m'mayiko a kumadzulo kwa Ulaya, anapeza zofanana ndi zimenezi: zipani zodziwika ndi mfundo zakezake zolimba, monga zoteteza chilengedwe ndi zachikomyunizimu, zinkataya mavoti zikasunthira pakati, pomwe zipani zikuluzikulu sizinkalangidwa choncho.

Palinso china chimene sichioneka pa zotsatira za chisankho. Chuma cha chipani chaching'ono ndi anthu ake ongodzipereka. Mtsikana amene amayenda khomo ndi khomo dzuwa lili pamutu, bambo amene amakhala pamalo owerengera mavoti mpaka mbandakucha popanda malipiro, mphunzitsi amene amasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi, onsewa amatero chifukwa cha chikhulupiriro. Chipani chachikulu chikakhumudwitsa anthu otere chimalemba ena ntchito ndi ndalama. Inu mulibe ndalama zimenezo. Mukafewetsa nsanamira yanu, mfundo imene inabadwitsa chipani chanu, ovota atsopano mwina abwera mwina ayi, koma odziperekawa amachoka sabata yomweyo.

Ku America kunali chipani cha alimi chotchedwa People's Party. Mu 1892 munthu wake, James Weaver, anapeza mavoti opitirira 1 miliyoni pa mpando wa pulezidenti. Pofika 1896 atsogoleri ake anaganiza zoika kumbuyo madandaulo awo ambiri n'kuthandiza William Jennings Bryan wa chipani cha Democratic, yemwe ankagwirizana nawo kwambiri pa nkhani imodzi, yoti boma lizipanga ndalama zambiri za siliva m'malo modalira golide yekha. Bryan anagonja, ndipo chipani cha alimicho sichinadzukenso. Zina mwa zimene ankamenyera, monga msonkho wa pa zopeza za munthu ndi kuti anthu azisankha okha maseneta, zinadzalowa m'malamulo aakulu a dzikolo mu 1913, chipanicho chitatha kale.

Tsono musaganize kuti ndikuikira kumbuyo anzanu ouma khosi pa zonse. Kukakamira nakonso kuli ndi matenda ake, ndipo ndawaona pafupi. Pali anthu amene amakonda kukhala olondola kuposa kusintha chinthu. Chipani chikakhala ndi anthu otere ambiri chimasanduka kagulu ka odziwana okhaokha, kolankhula mawu omveka kwa iwo okha, koona aliyense wofunsa funso ngati mdani. Chikagonja amati anthu ndi osazindikira. Nkhalango zimene mukufuna kuteteza sizipulumuka ndi kuyera mtima kwa komiti yanu. Zimapulumuka lamulo likasintha, ndipo lamulo limasinthidwa ndi anthu amene ali ndi mavoti kapena amene akuopa kutaya mavoti.

Chitsanzo chimene ndimakonda kuchifotokoza mwatsatanetsatane ndi cha chipani choteteza chilengedwe cha ku Germany, Die Grünen, chifukwa chinadutsa m'moto womwe mukudutsamowu. Chinakhazikitsidwa mu 1980 mumzinda wa Karlsruhe, ndipo mu 1983 chinalowa m'nyumba ya malamulo ndi mavoti 5.6 peresenti, pomwe lamulo la kumeneko limafuna 5 peresenti kuti chipani chigawiridwe mipando. Mkati mwake munali magulu awiri omwe ankakokanakokana zaka zambiri. Ena ankati kulowa m'boma n'kudzidetsa, ntchito yawo n'kutsutsa basi. Ena ankati popanda kugwira nawo chiwongolero palibe chimene chingasinthe. Mu 1985 mmodzi wa gulu lachiwirili, Joschka Fischer, analumbira kukhala nduna ya zachilengedwe m'chigawo cha Hesse atavala nsapato zamasewera.

Phunziro lowawa linabwera mu 1990. Dziko lonse linali pa nkhani yogwirizanitsa Germany wa kummawa ndi wa kumadzulo, khoma la Berlin litangogwa. Chipanichi chinachita kampeni yonyadira kuti pomwe aliyense akukamba za Germany, iwo akukamba za nyengo. Mfundo yawo inali yoona, koma anthu anaona kuti sakuwamvera. Nthambi ya kumadzulo inalephera kufika pa 5 peresenti ndipo inataya mipando yake yonse. Pambuyo pake ambiri mwa okakamira aja anatuluka, ndipo chipanicho chinaphunzira kuyankhula za ntchito, misonkho ndi moyo wa tsiku ndi tsiku.

Mu 1998 analowa m'boma la mgwirizano ndi SPD. Nsanamira yawo yaikulu inali yoti malo opangira magetsi a nyukiliya atsekedwe, ndipo ambiri mwa iwo ankafuna atsekedwe pompopompo. Chimene anapeza mu 2000 chinali pangano loti malowo azitsekedwa pang'onopang'ono, alionse atagwira ntchito zaka pafupifupi 32. Ena analira kuti agulitsidwa. Boma lina linadzawonjezera zakazo mu 2010, n'kubwereranso m'mbuyo ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima ku Japan itachitika mu 2011, ndipo malo atatu omaliza anazimitsidwa mu Epulo 2023. Kaya munthu amagwirizana ndi kutseka nyukiliya kapena ayi, aone chimene chinachitika: anagonjera pa liwiro, koma kumene ankapita sanasinthe.

Pa nkhani ya nkhondo zinali zina. Chipanichi chinabadwa chodana ndi nkhondo, koma mu 1999 boma lomwe analimo linatumiza ndege zankhondo pa nkhani ya Kosovo. Pa msonkhano wa chipani ku Bielefeld munthu wina anagenda Fischer ndi thumba la penti wofiira, mpaka khutu linavulala. Mamembala ambiri anachoka ndipo sanabwererenso. Apa anakhudza nsanamira yeniyeni, ndipo analipira. Kuona kwanga n'kwakuti anapulumuka, mpaka kukwera kufika pa 8.6 peresenti mu 2002, chifukwa nsanamira imene anthu ankawadziwa nayo kwambiri, ya chilengedwe, inali chiimire. Akanagwetsa zonse ziwiri nthawi imodzi, sindikhulupirira kuti akanatsala.

Ndiye mungadziwe bwanji kuti nsanamira ndi iti, zokongoletsa ndi ziti? Pali kachitidwe kena kamene ndimapempha makomiti kuti ayese. Aliyense apatsidwe pepala, akhale payekha, asalembe dzina, ayankhe funso limodzi: ndi mfundo iti imene chipani chikaisiya, ine ndituluka? Mapepalawo asonkhanitsidwe, awerengedwe mokweza. Kawirikawiri manifesito ya masamba ambirimbiri imatsala mfundo ziwiri kapena zitatu. Pa komiti ina, abambo awiri omwe anali atasiya kupatsana moni analemba pafupifupi chiganizo chimodzimodzi. Atazindikira, chipinda chinati zii, kenako wina mwa iwo anafunsa kuti, "Nanga takhala tikulimbirana chiyani?" Zinapezeka kuti ankalimbirana mawu amodzi a pa chikwangwani ndiponso chaka chimene lamulo lina liyenera kuyamba kugwira ntchito. Yesani zimenezi musanaitanitse voti iliyonse.

Zimene zatsala pa mapepalawo muzisunge. Zotsalazo muziyang'ane ndi maso atsopano. Zipani zing'onozing'ono zimakonda kukhala ndi ganizo pa chilichonse, kuyambira za maphunziro mpaka za ubale ndi mayiko akunja, ndipo ganizo lililonse lowonjezera limatseka khomo kwa munthu wina. Munthu amene amagwirizana nanu pa za mitsinje akhoza kuthawa chifukwa cha ndime ina ya pa tsamba lakumapeto yomwe ngakhale inuyo simuikumbuka. Pa nkhani zimene sizikhudza nsanamira, si kulakwa kunena kuti mamembala athu ali ndi ufulu woganiza mosiyana.

Kalankhulidwe ndiye pamene zipani zambiri zimadzipha zokha. Tiyerekeze kuti mwafika pakhomo pa bambo amene amadyetsa ana ake ndi ntchito ya pa mgodi kapena yocheka matabwa. Mukamuuza kuti "tidzatseka zonsezi", iye akumva kuti ana ake agona ndi njala, ndipo sakulakwa. Mukayamba ndi kumufunsa za madzi amene ana akewo amamwa, za chifuwa chimene chimavuta anthu okhala pafupi ndi fumbi, kenako n'kumufotokozera ntchito imene adzagwire malowo akadzasintha, ndi ndani adzalipire maphunziro ake, mfundo yanu ikadali yomweyo koma tsopano ili ndi malo a iyeyo. Ngati mulibe yankho la funso lake loti "nanga ine ndidzadya chiyani", vuto si loti mfundo yanu ndi yolimba. Vuto n'loti simunaimalize kuiganizira. Ntchito imeneyi ndi yovuta kuposa kufufuta ndime mu manifesito, n'chifukwa chake ambiri amathamangira kufufuta.

Musanasinthe chilichonse, fufuzani chimene chinakugonjetsani. Anzanu akuti mfundo zinathawitsa anthu. Umboni wake uli kuti? Nthawi zambiri ndikatuma anthu kuti akafunse ovota m'dera limene chipani chinagonja, amabwerera ndi mayankho atatu osiyana. Ena amati sanamvepo dzina la chipanicho. Ena amati amachikonda koma ankaopa kutaya voti yawo pa munthu woti sapambana. Ndi gulu lachitatu lokha limene limati linamva mfundozo n'kuzikana, ndipo kawirikawiri limakhala lochepa kuposa mmene komiti imaganizira. Kufewetsa mfundo kumangoyankha gulu lachitatuli. Oyamba aja akufuna kuti muwafikire. Achiwiriwo akufuna aone kuti mungapambane penapake.

Apa m'pamene kavotedwe ka m'dziko lanu kamalowera, poti simunanditchulire. Maurice Duverger, katswiri wa ku France, anaonetsa m'zaka za m'ma 1950 kuti kumene dera lililonse limasankha phungu mmodzi, wopeza mavoti ochuluka n'kutenga zonse, zipani zing'onozing'ono zimafinyika, chifukwa ovota amaopa kuwononga voti. Kumene mipando imagawidwa molingana ndi mavoti a chipani, chipani cha 6 kapena 8 peresenti chimakhala ndi aphungu ndiponso mawu. Ngati muli m'kavotedwe kachiwirika, kudziwika ndi mfundo imodzi yomveka ndi chuma, ndipo kufewetsa kulibe phindu lalikulu. Ngati muli m'koyambako, ngakhale mutafewetsa chotani, mavoti omwazikana dziko lonse sabala mpando. Chipani cha UKIP ku Britain, chomwe chinkafuna kuti dzikolo lituluke mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya wa European Union, chinapeza mavoti pafupifupi 3.9 miliyoni mu 2015, omwe ndi 12.6 peresenti, koma chinapeza phungu mmodzi yekha. Mankhwala a vuto limeneli n'kusonkhanitsa mphamvu pamalo ochepa. A chipani cha Green ku England anachita zimenezo ku Brighton, anayamba ndi makhansala, mpaka Caroline Lucas anapambana mpando wa Brighton Pavilion mu 2010, ndipo mu 2024 anapeza mipando 4 atalunjika pa madera osankhidwa bwino. Khansala mmodzi amene anthu amuona akukonza zinthu amakopa ovota kuposa masamba khumi ofewetsedwa.

Nkhani ya UKIP ili ndi mbali inanso yoyenera kuiganizira, kaya mumagwirizana ndi zolinga zawo kapena ayi. Ndi phungu mmodzi yekhayo, chimene ankafuna chinachitika. Pomwe ankalanda mavoti kwa chipani cha Conservative, mtsogoleri wa chipani cha Conservative, David Cameron, analonjeza mu 2013 kuti adzachititsa riferendamu pa nkhani yotuluka mu European Union, ndipo mu 2016 anthu 52 peresenti anavota kuti dzikolo lituluke mu European Union. Chaka chotsatira UKIP inatsika kufika pansi pa 2 peresenti. Choncho komiti yanu idzifunse moona mtima: tikufuna mipando, kapena tikufuna kuti mfundo yathu ikhale lamulo, ngakhale atadzaikhazikitsa ndi ena? Zolinga ziwirizi zimayendera limodzi nthawi zina, koma osati nthawi zonse. Ngati cholinga ndi chachiwiricho, mphamvu yanu ili pa kuopseza zipani zikuluzikulu kuti zitaya mavoti zikapanda kukumverani, ndipo chipani chofewa sichiopseza aliyense.

Kodi ilipo nthawi imene kufewetsa kwenikweni kumapindula? Ilipo. Chipani cha ogwira ntchito ku Brazil, PT, chinayamba mu 1980, ndipo Lula da Silva anagonja pa mpando wa pulezidenti mu 1989, 1994 ndi 1998. Mu 2002 analemba kalata yotsimikizira anthu a dzikolo kuti adzalemekeza mapangano ndi ngongole za boma, anatenga mwini mafakitale a nsalu, José Alencar, kukhala womutsatira, ndipo anapambana. Ena a m'chipanimo anakwiya, anachotsedwa, n'kukayambitsa chawo. Koma pofika 2002 PT sichinalinso chaching'ono. Chinali chitalamulirapo mizinda ikuluikulu monga São Paulo ndi Porto Alegre, ndipo chinali pakhomo pa boma. Chinakula ndi mfundo zake kaye, n'kudzafewetsa pamene chinatsala pang'ono kufika. Chipani chimene sichinapezepo mpando chikatengera njira imeneyi chimakhala chikulipira mtengo wa chinthu chimene sichinayandikire n'komwe.

Ngozi yaikulu imene ndikufuna muidziwiretu ndi ya mgwirizano, chifukwa mukadzayamba kukula, a zipani zikuluzikulu adzabwera ndi maudindo m'manja. Mu 2010 chipani cha Liberal Democrats ku Britain chinapeza mavoti 23 peresenti ndi aphungu 57. Chisankho chisanachitike, oimira chipanichi anasaina poyera lonjezo loti adzakana kukweza fizi ya ku yunivesite, ndipo anajambulitsa atanyamula mapepala osainawo. Atalowa m'boma ndi a Conservative, mu Disembala chaka chomwecho fizi inaloledwa kukwera kuchoka pa mapaundi 3,290 kufika pa 9,000 pachaka, atsogoleri awo atavomera. Mtsogoleri wawo Nick Clegg anapepesa mu 2012, koma mu 2015 anatsala ndi aphungu 8 okha. Anachita zina zabwino m'bomamo zimene ankalonjeza, koma anthu anakumbuka chimodzi chija, chifukwa ndicho anachiika patsogolo okha. Ku Ireland, chipani cha Green chinalowa m'boma mu 2007 ndi aphungu 6, ndipo mu 2011 chinataya onse. Chinadzukanso n'kupeza 12 mu 2020, chinalowanso m'boma, ndipo mu 2024 chinatsala ndi mmodzi. Walira mvula walira matope: wamng'ono mu mgwirizano amasenza nawo milandu yonse ya boma, pomwe zabwino zimatamandidwa kwa wamkulu.

Sindikuti musadzalowe mu mgwirizano. Ndikuti mudzalowe mutalemba. Zinthu ziwiri kapena zitatu zimene simungagonjere zilembedwe, zilengezedwe kwa anthu, ndipo mukhale okonzeka kutuluka zikaphwanyidwa. Palinso njira yapakati. Ku New Zealand mu 2017 chipani cha Green chinalonjeza kuthandiza boma la Labour pa bajeti ndi pa mavoti oonetsa chikhulupiriro, chinalandira maunduna angapo kunja kwa kabineti, ndipo chinasunga ufulu wotsutsa pa nkhani zina. Nduna yawo James Shaw inatsogolera lamulo lochepetsa mpweya wotenthetsa dziko mu 2019, ndipo mu 2020 mavoti awo anakwera.

Pali mtundu umodzi wa mfundo umene ndinganene mosazengereza kuti utayidwe, ngakhale utalembedwa pa mapepala onse a komiti. Ngati pali mfundo yonyoza anthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena kumene anachokera, kapena yolola ziwawa, imeneyo ichoke chifukwa ndi yoipa, kaya ikubweretsa mavoti kapena ayi. Chimodzimodzinso mfundo imene umboni waonetsa kuti ndi yolakwika. Kusintha chifukwa mwaphunzira n'kosiyana ndi kusintha chifukwa mwachita mantha, ndipo ovota amasiyanitsa. Mukasintha, nenani poyera kuti kale tinkati chakuti, taona zakutizakuti, tsopano tikuti chakuti. Chimene anthu sakhululuka ndi kubisa, kulankhula zofewa pa wailesi kwinaku mukunong'onezana kuti tikadzalowa tidzachita zathu zija.

Za mmene mungathetsere nkhaniyi, musalole kuti anthu ochepa a pamwamba agamule okha usiku umodzi. Kusintha kulikonse kokhudza nsanamira kupite ku msonkhano waukulu wa chipani, nthambi zitapatsidwa nthawi yokambirana, ndipo voti ikhale yachinsinsi. Munthu amene wagonja pa voti yachilungamo nthawi zambiri amatsala. Amene amachoka ndi mkwiyo ndi uja wangomva pa wailesi kuti chipani chake chasintha. Chitani zimenezi chisankho chikadali kutali, chifukwa kusintha kwa pafupi ndi chisankho kumaoneka ngati njala ya mavoti. Konzekeraninso kuti ena adzachokabe, mulimonse mmene mungagamulire. Asiyeni apite mwaulemu, musawatche mayina, chifukwa mawa mudzawafuna pa nkhondo yomweyo ya mitsinje ndi nkhalango.

Pali pamene muyenera kuitana anthu akunja. Ngati mbali ziwirizi zafika posamvana ngakhale pa ndondomeko ya msonkhano, pezani mkhalapakati amene onse amamulemekeza ndipo alibe udindo umene akuufuna m'chipanimo. Ngati mukufuna kusintha malamulo oyendetsera chipani, kapena wina wayamba kunena kuti dzina, chizindikiro kapena akaunti ya ku banki ndi zake, onanani ndi loya wodziwa malamulo a zipani ndi zisankho musanaponde phazi lina, chifukwa zipani zambiri zing'onozing'ono zathera m'makhoti pa nkhani zoterezi. Pangano lililonse la mgwirizano loya aliwerenge musanasaine. Pa kufufuza maganizo a ovota, pemphani munthu wodziwa kafukufuku amene si membala, mwina wa ku yunivesite, poti membala amafunsa mafunso mokokera ku yankho limene iye akulifuna. Ndipo mkangano ukafika poopsezana kapena kumenyana, imeneyo yasiya kukhala nkhani ya komiti, ikanenedwe kupolisi.

Inuyo panokha, mayi, popeza muli ndi anzanu mbali zonse, mukhoza kukhala amene angayambitse zokambiranazi, koma musasenze nokha. Pezani munthu mmodzi wodekha kumbali iliyonse, mukhale atatu, mugwirizane za mafunso oti mukafunse ovota ndi tsiku loti komiti idzalembe mapepala aja. Kusowa tuloko kukapitirira masabata angapo mpaka kusokoneza ntchito kapena kudya kwanu, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi, ndipo muuze anzanuwo kuti ena agwireko zina mwa ntchito zimene mwanyamula.